Dzina Lotsiriza pa Mndandanda

Chaka chimene madzi anakokolola mudzi wathu sindichidziwa ndi nambala. Chimene ndimakumbukira n'chakuti chimanga chinali chitangomasula ngayaye, ndipo patapita masiku atatu ine ndi amayi tinapezeka titakhala pabwalo la sukulu ina ya kumtunda, titafunda chitenje chimodzi, mlongo wanga Fanesi palibe. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ena ankati anamuona atakakamira thunthu la nthochi madzi akupita naye, ena ankati ayi, wa panthochiyo anali mwana wa eni. Amayi sanagwetse msozi. Anati mtembo sanauone, choncho maliro salira, kenaka anandiyang'ana m'maso.

"Pita ukamfune mlongo wako. Usandibwerere wekha."

Ndinanyamuka ndi malaya omwe anali m'thupi. Ndinkaganiza kuti ndi ulendo wa sabata imodzi.

Misasa ya anthu othawa madzi inali yambirimbiri, koma kwa ine inali ngati msasa umodzi umene unkangondidutsa panjira n'kukandidikira kutsogolo. Paliponse panali mtengo wa mango, matenti otuwa, fungo la nyemba zosapsa, ndi khoma lomatapo mapepala a mayina. Ngakhale wogulitsa nkhwaira pachipata ankaoneka kuti ndi yemwe uja ndinamusiya dzulo. Ndikafika ndinkalunjika kukhoma ndisanapemphe ndi madzi omwe, n'kuika chala pa dzina loyamba, n'kumatsika nacho mzere ndi mzere mpaka pansi. Ndikafika pansi ndinkabwereranso pamwamba, kuopa kuti mwina diso linalumpha.

Anthu osadziwa kuwerenga ataona chala changa chikuyenda pakhoma anayamba kundizungulira. Umu ndi mmene ndinapezera ntchito yanga yoyamba, yowerengera anthu mayina mokweza. Malipiro ake anali mbatata yootcha, nthawi zina zikomo chabe, koma ndinkadzimva ndithu, munthu wolekeza fomu thuu kusanduka mlaliki wa pakhoma. Tsiku lina pamsasa wa pafupi ndi mlatho woduka ndinatchula dzina, mayi wina n'kudzambatuka akuimba nthungululu, akuti ameneyo ndi mwamuna wake. Anzake anamukumbatira. Ine pofuna kumuuza msasa umene mwamunayo ali ndinakweza maso kumutu kwa pepala, ndipo ndinaona kuti pepalalo linali la anthu amene anapezeka atafa. Mayi uja anali akuvinabe, mwana akugwedezeka kumsana, ndipo woti amuimitse ndinali ine. Ndinamuuza. Ndinachoka pamsasapo tsiku lomwelo kulira kwake kuli m'makutu, ndipo ndinalumbira kuti pa nkhani ya mayina a anthu sindidzapatsanso munthu chiyembekezo chabodza.

Misasa itayamba kupasuka, mapepala a mayina anasamukira m'matauni, ine n'kuwalondola. Ndinadutsa tauni ya chigayo chimodzi, ina ya fumbi lofiira, ina ya njanji yopanda sitima. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Ndinasenza matumba pamsika, ndinaumba njerwa, ndinapalasako kabaza mpaka mwini njinga anamva kuti ndimangoima pakhoma lililonse lokhala ndi pepala, wokwera ali kumbuyo akutukwana. Njinga inalandidwa Lachinayi, Lachisanu ndili pamsewu.

M'tauni ina ya msika umodzi ndinapeza kachipinda ka mayi Nachanza, amene ankataipira anthu makalata pa kompyuta yakale yolira ngati firiji. Alembi a m'misasa ankabweretsa kumeneko mabuku awo a mayina kuti awataipe. Ndinapempha kuti ndizisesa, bola azindilola kuwerenga mabukuwo. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, nati wosesa ali naye kale, ndi iwo omwe, koma ngati ndili ndi zala khumi zosaopa rula ndikhale pampando.

Rula yawo sinali yoopsezera chabe. Lamulo lalikulu la m'kachipindamo linali la batani lija la enta, lotsitsira munthu pa mzere watsopano. Dzina likatha, dina enta. Lina likatha, dina enta. Ngakhale dzina lotsiriza, pansi pake popanda chobwera, dina enta. Ndinafunsa kuti nanga pa lotsirizalo n'kudiniranji, rula n'kutera pa chala.

"Iwe ukamatuluka m'nyumba womaliza sutseka chitseko?"

Ndinaphunzira mpaka kachala kanga kakang'ono kankadina kokha ine ndikuganiza zina. Mabuku onse obwera ndinkawawerenga ndisanawataipe, n'kuwawerenganso nditataipa. Fanesi munalibe. Amayi anali atapatsidwa malo kumudzi watsopano wa kumtunda, ndipo mwezi uliwonse ndinkawaimbira pa foni ya anthu oyandikana nawo. Sankafunsa ngati ndadya kapena ndikugona pati. Ankangofunsa ngati ndampeza, ndikati ayi ankati chabwino, n'kubweza foni kwa mwini wake.

Kenaka alembi anapatsidwa mafoni ndi timakompyuta tawo, anasiya kubwera, ndipo m'mawa wina ndinapeza mayi Nachanza akukulunga kompyuta yawo m'chitenje ngati mwana wodwala. Anandiuza kuti mayina onse tsopano akupita mumzinda, ku bungwe lina lolumikiza anthu otayana, ndipo kumeneko kuli mwana wa alongo awo, a Mangulenje. Anandilembera kakalata ndi dzanja. Pondipatsa anandigwira zala zija ankazimenya.

Mzindawo unali wa nyumba zosanjikizana ndi misewu yokubweza pomwe wayambira. Ofesi ya bungwelo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda kozizira ngati m'mawa wa mu Juni, mmene munaima bokosi lakuda la timagetsi tothwanima. A Mangulenje, munthu wowonda wosasowa nzimbe m'manja, anati limeneli ndi seva. Alembi onse a m'misasa ndi m'midzi yatsopano amatumiza mafayilo a mayina m'menemo. Iwo kumidziko alibe chofufuzira, amangotumiza n'kudikira. Wofuna mbale wake amabwera ku ofesi n'kutchula dzina, ndipo likapezeka ofesi imaimbira mlembi amene analitumiza. Ndinayang'ana bokosilo n'kuchita kakasi. Makoma onse amene ndinawayendera wapansi zaka zija anali atalowa m'chinthu chongondifika m'chiuno. Ndinapempha kuti andifufuzire Fanesi. Anataipa, makina n'kuyankha kuti palibe.

Ndinakhala. Poyamba ndinkangotaipa, koma masana a Mangulenje akamalemba mapulogalamu ndinkaima kumbuyo kwawo. Zolembazo zinkaoneka ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Ataona kuti sindichoka anandikokera mpando, ndipo pang'ono ndi pang'ono mapazi a nkhuku aja anayamba kumveka.

Chaka china madzi anabweranso kuchigwa, mafayilo n'kuyamba kufika akuluakulu, ndipo seva inayamba kukomoka. Pulogalamu yakale inkameza fayilo yonse nthawi imodzi isanawerenge ndi dzina limodzi lomwe, n'kutsamwa nayo. Panja panali mzere wa anthu kutsika masitepe mpaka kukafika pa matayala, ife m'kati tikungozimitsa n'kuyatsa. A Mangulenje anatenga nzimbe yawo n'kuigoneka patebulo langa.

"Kodi nzimbe umaimeza yonse, mphwanga? Umadula pa mfundo, n'kutafuna, n'kupita pa mfundo ina. Fayilonso uziidya choncho."

Anandifotokozera kuti malemba safika onse pamodzi pa netiweki. Amafika m'zidutswa, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo chidutswa sichisamala kuti chadukira pati, mwina pakati penipeni pa dzina la munthu. Pamene mlembi anadina enta pamatsala kachizindikiro kosaoneka ndi maso, ndipo imeneyo ndiyo mfundo. Pulogalamu ilandire chidutswa, ifune mfundo, idule, mzere wathunthuwo iupereke ku kaundula, chotsalacho ichisunge m'manja mpaka chidutswa china chifike idzalumikize. Ikatero seva sinyamula zambiri kuposa mzere umodzi, fayilo italike bwanji. Fayilo ikatha, chilichonse chotsala m'manja chiperekedwenso. Anati ndiilembe ine, iwo akulimbana ndi jenereta.

Ndinailemba masiku awiri. Seva inasiya kukomoka, mzere wa panja unayamba kuyenda, ndipo ndinaona anthu akutsika masitepe athu akuthamanga, atagwira kapepala ka dzina la msasa. Sindibisa, ndinanyada. Ndinkayenda mumsewu ngati mzinda wonse ukudziwa.

Patapita milungu ingapo netiweki inaduka kwinakwake fayilo ili pakati. M'manja mwa pulogalamu yanga munatsala theka la dzina, ndipo iyo inachita zomwe inauzidwa, inalipereka ku kaundula. Theka limenelo linafanana ndi dzina la mwana wina amene makolo ake ankamufuna. Bambo wake anagulitsa mbuzi, anayenda masiku awiri, n'kukapeza nkhalamba yosamudziwa. Atabwerera ku ofesi sanakalipe. Anangokhala pa benchi n'kumayang'ana manja ake, ndipo ine ndinamvanso nthungululu za pamlatho uja. Masana omwewo ndinatsegula pulogalamu n'kusintha mizere itatu. Ndinailamula kuti fayilo ikatha, chilichonse chopanda mfundo kumapeto n'choduka, chitayidwe. Nsonga ya nzimbe amadya ndani? Ndinaiyesa ndi mafayilo amene ndinataipa ndekha, a mayina khumi, a mayina zikwi, ndipo onse ankalowa osatsala ndi limodzi. A Mangulenje anali atachokapo tsikulo, ndipo atabwera sindinawauze, chifukwa ndinkaona ngati n'zodziwikiratu. Paja amati safunsa anadya phula.

Zaka zinayamba kufanana. A Mangulenje anapeza ntchito kudziko lina, n'kundisiyira makiyi a kachipinda kozizira. Anthu anayamba kunditchula kuti abwana a seva. M'mawa uliwonse, ndisanamwe tiyi, ndinkataipa dzina la Fanesi, makina n'kuyankha kuti palibe, ine n'kuyamba ntchito.

Panali mlembi mmodzi amene ankandisowetsa mtendere. Anali a Kalitsiro, munthu wachikulire wa kumudzi wina watsopano wa kumalire, amene ndinkangomudziwa ndi mawu ndi chifuwa chake pa foni. Miyezi itatu iliyonse ankatumiza mndandanda wa anthu a m'mudzi mwawo, seva n'kuwabwezera uthenga wa chiwerengero cha mayina amene yalandira. Alembi ena uthengawo sankauwerenga n'komwe. A Kalitsiro ankauwerenga, kenaka foni yanga inkalira.

"Pepani abwana, ndatumiza mayina makumi anayi ndi limodzi, koma inu akuti mwalandira makumi anayi."

Ndinkawauza kuti awerengenso, makina sanama. Ankapepesa n'kudula. Ikatha miyezi itatu, nkhani yomweyo. Ndinawauzapo kuti mwina akuwerengera mutu wa pepala ngati munthu, iwo nati mwina n'zoona, maso akalamba. Mu ofesi tinawapatsa dzina loti a Makumi Anayi, ndipo foni ikalira anzanga ankayamba kukhosomola mowayerekeza. Woyamba kuseka ndinkakhala ine. Uthenga uja unkangonena chiwerengero, sunkanena kuti wasowa ndani, ndipo ine sindinavutikepo n'kamodzi komwe kuti ndifufuze.

Chilimwe china anthu oyandikana ndi amayi anaimba okha foni. Ndinakwera basi. Ndinawapeza amayi ali pamphasa, atangotsala mafupa. Atamva mapazi anga anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, pakhomo, nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati ndili ndekha. Ndinati eya. Anatembenukira kukhoma, ndipo sanandiyankhulenso. Patapita masiku anayi tinawaika m'manda a mudzi umene sanabadwiremo. Ndinabwerera ku kachipinda kozizira chifukwa ndinalibe kwina kopita, ndipo m'mawa uliwonse ndinkataipabe dzina lija. Mtima unkandipweteka, koma kuleka kunali ngati kumuika Fanesi m'manda ndi manja anga.

Mvula inagwa kawiri. Tsiku lina masana munthu wamfupi wa jekete lalikulu anakwera masitepe athu akupumira pa sitepe iliyonse, atakumbatira buku lakuda lokulunga m'pulasitiki. Atangokhosomola ofesi yonse inamuzindikira. A Kalitsiro anati apuma pa ntchito, koma asanapereke buku kwa wolowa m'malo mwawo akufuna ine wa maso abwino ndiwawerengere ndekha, kuti adzafe akudziwa ngati anali openga. Anzanga ankabisa nkhope kuseri kwa makompyuta. Ndinati tiyeni, nkhani imeneyi ithe lero.

Ndinatsegula mndandanda wawo pa sikirini, buku lawo n'kuliika pambali, chala pa dzina loyamba monga ndinkachitira pamakoma. Bambo, mayi, ana, kenaka banja lina. Pamene ndinkatsika, a Kalitsiro ankafotokoza kuti umu ndi mmene alembi onse anaphunzitsidwira, kuyamba ndi mabanja, ndipo amene ali yekha, wopanda wachibale, kumulemba pansi penipeni. Anati kwawoko woteroyo alipo mmodzi yekha. Pa dzina la makumi anayi sikirini inatha. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinene kuti mwaonatu, koma m'bukumo chala changa chinatsika mzere wina.

Linali dzina la Fanesi, pambali pake la bambo athu, pambali pake la mudzi wathu umene unapita ndi madzi.

Sindikudziwa kuti chala chinakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Anthu ankandiyankhula koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera pansi pa chitsime. Ndinabweza tsamba, analipo, pansi penipeni. Ndinabweza lina, analipo. Ndinamupeza kakhumi ndi kanayi. Ndinafunsa a Kalitsiro, ndi mawu omwe sanali anga, ngati amadina enta akataipa dzina lotsiriza. Anandiyang'ana modabwa nati adinirenji pansi pake popanda munthu wina. Akamaliza amangotumiza.

Ndinalowa m'kachipinda kozizira thukuta likuyenderera kumsana. Mizere itatu ija inali pomwe ndinaisiya, yolembedwa bwino, yopanda cholakwika chilichonse chooneka. Panalibe mfiti, panalibe wakuba. Dzina la mlongo wanga linkafika miyezi itatu iliyonse, lathunthu, pulogalamu yanga n'kulisunga m'manja kudikira mfundo, fayilo n'kutha, iyo n'kulitaya. M'mawa mwake ine ndinkakhala pampando womwewo kufunsa makina ngati amuona. Mafayilo anga oyesera ankalowa onse chifukwa kachala kanga kankadina enta kokha, ndipo ndinkaganiza kuti dziko lonse linamenyedwapo ndi rula ya mayi Nachanza.

Seva inkasunga mafayilo akale momwe anafikira. Ndinakonza pulogalamu n'kuiuza kuti iwawerengenso onse, koma indionetse mayina okhawo amene inkataya. Anayamba kutsika pa sikirini limodzilimodzi, osaima. Anzanga anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, wina atagwira pakamwa. Anapitirira mazana atatu. Pafupifupi onse anali anthu okhala okha, enieni amene bungwe lija linakhazikitsidwira. Amene anali kale ndi mabanja awo, opanda wowafuna, ndiwo ankalowa bwinobwino zaka zonsezo. Ndinaganiza za nkhope zimene ndinaziuza kuti palibe.

Ndinauza akuluakulu a bungwe zonse, osabisa. Ndinasiya makiyi patebulo pamodzi ndi mayina mazana atatu aja, ndipo chigamulo chawo sindinachidikire. M'mawa mwake ine ndi a Kalitsiro tinali m'basi.

Tinadutsa tauni ya msika umodzi, ya njanji yopanda sitima, ya fumbi lofiira, zonse zikubwera chammbuyo ngati munthu akupasula chingwe chimene ndinaluka. Titatsika basi tinakwera lole, titatsika lole tinakwera kabaza. Panjira a Kalitsiro anandiuza pang'onopang'ono, pakati pa chifuwa. Madzi anamutengera Fanesi kutsidya kwa malire, asodzi n'kumuvuula, mayi wina n'kumusunga mpaka atakula. Atabwerera kudzafuna kwawo anapeza mchenga wokhawokha, ndipo anakhazikika kumudzi wawo uja. Tsiku lolembetsa ankabwera atavala chitenje chake chabwino, n'kuima pambali mpaka mabanja onse athe. Ikatha sabata ankabweranso kudzafunsa ngati kumzinda ayankha. Atalembetsa kakhumi anasiya kubwera, nati ngati abale ake anafa sangayankhe, ngati ali moyo ndiye kuti sakumufuna. A Kalitsiro anapitiriza kumulemba okha. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi paulendo wonsewo, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama.

Tinafika dzuwa litapendeka. Kuseri kwa kanyumba ka chipinda chimodzi mayi wina anali atawerama akutembenuza chinangwa pamphasa. A Kalitsiro anati odi. Atawongoka ndinaona nkhope ya amayi ali achitsikana, ndipo ndinaima pomwepo. Anandiyang'ana, n'kupukuta manja pa chitenje, n'kundiyang'ananso.

"Achimwene," anatero, n'kukhala pansi pomwepo.

Ndinakagwada pafupi naye. Anandigwira dzanja mwamphamvu ngati akuopa kuti madzi anditenga, ndipo tinalira. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, kunjira, nthawi yaitali. Anafunsa za amayi. Ndinamuuza. Anafunsa kuti liti, ndinati chilimwe cha zaka ziwiri zapitazo. Anandisiya dzanja n'kuyamba kuwerenga zala zake, akubwerera m'mbuyo, milomo ikugwedera, kenaka anatembenukira kwa a Kalitsiro n'kunena kuti nthawi imeneyo anali atalembetsa kale. A Kalitsiro anavomera ndi mutu, nati kasanu ndi kamodzi.

"Ndiye dzina langa linkapita kuti?"

A Kalitsiro anayang'ana nsapato zawo. Anayamba kunena kuti makina, mwanangu, nthawi zina makina amatero, ndipo ndinaona kuti akunditsegulira njira yothawira. Fanesi akanakhulupirira. Kompyuta anali asanaigwirepo.

"Si makina," ndinatero. "Ndine."

Ndinamufotokozera zonse. Za zidutswa, za mfundo, za bambo wa mbuzi uja, za mizere itatu imene ndinasintha osafunsa munthu. Ndinamuuza kuti mkulu ameneyu ankaimba foni miyezi itatu iliyonse, ine n'kumamuseka ndi anzanga, n'kumupatsa dzina lachipongwe. Ndinamuuza kuti amayi anafa atatembenukira kukhoma. Fanesi anabwerera pamphasa yake n'kumatembenuza chinangwa chimene anali atatembenuza kale. Ndinadikira kuti anditukwane kapena andithamangitse, ndipo ndikanalandira. Atamaliza mphasa yonse anayankhula osandiyang'ana.

"Ine ndamva, achimwene. Koma amene anakutumani si ine. Mawa mundiperekeze kumanda, mukawauze amayi zimene mwandiuzazi, osasiyako mawu, ine nditaima pomwepo."

Tinayenda masiku awiri. M'basi anakhala pawindo, osadya, osagona, ndipo anthu ankatiyesa alendo ongokumana pampando. Titafika, akuluakulu a mudziwo anatilola kulowa kumanda, n'kutsalira pamphepete pa mitengo. Mtumbira wa amayi unali utatitimira, udzu utamera pamwamba. Fanesi anauzula ndi manja wonse, n'kusalaza dothi, kenaka anaimirira kumutu n'kupinda manja. Ine ndinagwada kumiyendo.

Ndinati amayi, ndabwera. Mawu ankatuluka movutika, koma ndinayamba ndi msasa woyamba uja n'kumatsika nazo chimodzichimodzi. Ndinanena za mayi Nachanza ndi rula yawo, za seva, za nzimbe, za mizere itatu, za mayina mazana atatu. Ndinanena kuti pamene ankayang'ana pakhomo paja mwana wawo anali moyo, ndipo dzina lake linali litadutsa m'manja mwanga kasanu ndi kamodzi. Nditamaliza ndinagwetsa mutu, n'kumaganiza kuti mwina tsopano ndapepukidwa. Mphepo inkagwedeza masamba. Fanesi sanasunthe.

"Mwasiya zoti munkaseka," anatero.

Ndinapukuta kumaso, n'kuyambiranso pachiyambi.